Chomera cha m'thanki ya nsomba sachikwirira

Mathanki agalasi osungiramo nsomba ayamba kuoneka m'malo ambiri masiku ano: m'mahotela a kunyanja, m'maofesi, m'malo odyera, ngakhalenso m'nyumba za anthu wamba m'matauni mwathu. Koma mukasuzumira bwino, ambiri mwa mathanki amenewa mumakhala maluwa apulasitiki, pansi atathirapo timiyala topaka utoto. Mukamufunsa mwiniwake chifukwa chake sanaikemo zomera zenizeni, yankho lake limakhala lomwe lija: anayesapo, zinaola, madzi ananunkha, nsomba zina zinafa. Ena amati timiyala tabwino todzalapo zomera ndi todula ndipo sitipezeka wamba. Lero, awerengi, tikambirane zimenezi, chifukwa n'zotheka kukhala ndi thanki yobiriwira bwino popanda kuthiramo timiyala kapena mchenga.

Vuto lagona pa chizolowezi chathu. Ife ndife alimi. Dzanja lathu likagwira mbewu limafuna khasu, phando ndi dothi lokwirira, poti chimanga, nyemba ndi chinangwa zimadyera pansi. Ndiye munthu akagula chomera cha m'madzi amachita zomwe anaphunzira kumunda: amakumba m'timiyala, n'kuchikwirira mpaka m'khosi, n'kutsendera bwinobwino. Pakatha milungu itatu masamba ayamba chikasu, tsinde lafewa ngati mbatata yoola. Pamenepo amagamula kuti zomera sizimera m'thanki, chonsecho chachipha chomeracho ndi ulimi wake womwewo. Zomera zolimba zomwe zimayenera munthu wongoyamba kumene sizifuna kukwiriridwa, ndipo zina mwa izo zilibe ndi muzu womwe.

Chomera cha pamtunda chimatumiza mizu pansi kukasaka madzi ndi chakudya. Cha m'madzi chazunguliridwa kale ndi madzi mbali zonse, ndipo chakudya chake chasungunuka m'madzi momwemo, choncho chimayamwa kudzera m'masamba ndi m'tsinde. Mizu ya zomera zotere, pomwe ilipo, ntchito yake yaikulu ndi kugwirira pamwala kapena pachipika kuti madzi asachikokolole. Amene anayendapo m'mbali mwa mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje kapena la Zomba anaona tizomera titakakamira pathanthwe lonyowa pomwe palibe dothi loti n'kudzaza supuni. Zomera zomwe tikunena lero ndi za khalidwe limenelo.

Nanga chakudyacho chichokera kuti? Chichokera kwa nsomba. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, wina popuma, wina m'ndowe zake. Zakudya zotsala zikaola pansi zimatulutsanso amoniya yemweyo. Kwa nsomba amoniya ndi poizoni, ndipo ngakhale wochepa kwambiri amaiwononga momwe imapumira. Kwa chomera ndi chakudya, chifukwa muli nayitirojeni, yemwe uja timamugula m'thumba la urea. M'thanki yokhazikika mumakhalanso mabakiteriya abwino omwe amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, kenaka kukhala naitireti, yemwe saopsa kwenikweni pokhapokha atachuluka. Zomera zimayamwa amoniya ndi naitireti, ndipo kukawala zimatulutsa mpweya wa okosijeni womwe nsomba zimapuma. Tichenjezane pomwe pano: musathire feteleza wa kumunda m'thanki. Urea akalowa m'madzi amasanduka amoniya, ndipo nsomba zanu mudzaziwola ndi sefa.

Kudalirana kwa nsomba ndi zomera kunadziwika kalekale. M'chaka cha 1850 katswiri wina wa sayansi ku London, Robert Warington, analemba za momwe anasungira nsomba ziwiri za goldfish m'chidebe chagalasi pamodzi ndi chomera chotchedwa Vallisneria. Masamba ena ataola madzi anada, iye n'kuonjezamo nkhono zingapo zoti zizidya zoolazo. Madzi anayera, nsomba ndi chomera zinakhala bwino kwa nthawi yaitali. Patangopita zaka zitatu, mu 1853, ku London Zoo anatsegula nyumba yoonetsera nsomba m'mathanki agalasi. Kuchokera pamenepo anthu akhala akuphunzira kuti ndi zomera ziti zomwe zimafuna pansi, nanga ndi ziti zomwe zimakhuta ndi madzi okha.

Tiyeni tione ntchito yomwe timiyala timagwira, kuti tidziwe chomwe tikutaya tikatichotsa. Choyamba, timagwira mizu ya zomera zomwe zimamera pansi. Chachiwiri, mabakiteriya aja amakhala pa timiyala, chifukwa amafuna pomata. Chachitatu, timabisa nyansi, ndipo apa ndi pomwe pali vuto. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimalowa m'mipata ya timiyala n'kumaola osaoneka, ngati zinyalala zosesera kunsi kwa mphasa. Thanki yopanda timiyala siibisa kanthu. Nyansi zimasonkhana pakona, inu n'kuzikoka ndi kapaipi m'mphindi ziwiri. N'chifukwa chake anthu ambiri oswetsa nsomba za m'mathanki amalerera tiana ta nsomba pagalasi lopanda kanthu. Palinso nkhani ya kulemera ndi ndalama. Thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54, omwe ndi makilogalamu 54 a madzi okha. Kuyala timiyala masentimita 5 pansi pake ndi kuonjezamo miyala yokwana pafupifupi makilogalamu 14 yoti mugule, mutsuke ndi kumaikolopa mwezi ndi mwezi.

Ntchito ya mabakiteriya yokha ndiyo simungaisiye. Mukachotsa timiyala muyenera kuwapatsa nyumba ina. Sefa ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya ndi yotsika mtengo ndipo imakwanira bwino. Miyala ikuluikulu, mapale a mbiya yosapaka utoto ndi masamba a zomerazo zimakhalanso nyumba zawo. Siponjiyo muziifinyira m'madzi omwe mwachotsa m'thanki momwemo, osati apampopi, chifukwa klorini amapha mabakiteriyawo.

Tsopano tibwere pa zomerazo. Yoyamba ndi Anubias, ya kwathu konkuno ku Africa. Imamera m'mbali mwa mitsinje ya m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'maiko monga Cameroon, Nigeria ndi Gabon, ndipo ndi m'bale wake wa koko. Ili ndi masamba obiriwira kwambiri, olimba ngati chikopa, omera kuchokera pa tsinde lokwawa chopingasa lomwe limafanana ndi jinja wobiriwira. Tsinde limeneli ndilo moyo wa chomeracho. Likakhala poyera, madzi n'kumalizungulira, limatulutsa masamba kumwamba ndi mizu kunsi. Likakwiriridwa limaola, ndipo chomera chonse chimatha. Anubias imakula mochedwa, mwina tsamba limodzi pa milungu itatu kapena pamwezi, koma tsamba lililonse limakhala nthawi yaitali, ndipo siifuna kuwala kwambiri poti kwawo inazolowera mthunzi.

Yachiwiri ndi Java fern, yochokera kummwera chakummawa kwa Asia. Masamba ake ndi ataliatali osongoka, ndipo nayonso ili ndi tsinde lokwawa lomwe silikwiriridwa. Mizu yake ndi yakuda, yopyapyala ngati tsitsi. Ambiri akaiona amayesa yaola n'kuidula, chonsecho ndi mmene ilili. Mukaona timadontho tofiirira tondandalikana kunsi kwa tsamba, musachite mantha, si matenda, ndi njira yake yoberekera. Chinanso chosangalatsa n'chakuti pansonga za masamba akale pamaphuka tiana tokhala ndi timasamba ndi timizu take. Tikakula ngati chala mumatithothola n'kutimangirira pamwala wina. Munthu wogula Java fern imodzi, chaka chikamatha amakhala akugawira anzake.

Palinso Bolbitis, ya m'mitsinje yothamanga ya mu Africa muno, ya masamba obiriwira moderako okhala ngati nthenga. Iyi imakonda pomwe madzi akuyenda, choncho iikeni pafupi ndi sefa. Komanso pali Java moss, yooneka ngati ubweya wobiriwira, yomwe imamata paliponse ndipo tiana ta nsomba timabisalamo.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Zomera zogula nthawi zambiri zimabwera m'kamphika kapulasitiki, mizu itakulungidwa ndi zinthu zonga thonje. Chotsani zonsezo mosamala, tsukani mizu. Ikani tsinde lokwawa lija pamwamba pa mwala, phale kapena chipika, mizu ikulendewera m'mbali. Zungulizani ulusi wosokera wakuda katatu kapena kanayi, momanga ndithu koma osapana mpaka kulowa m'tsinde. Ulusi wa thonje ndi wabwino chifukwa umadzaola wokha nthawi yomwe mizu yagwira kale, patatha mwezi umodzi kapena iwiri. Chingwe chopyapyala cha mbedza chimagwiranso ntchito, koma mudzachidule mizu ikagwira kuti nsomba zisakodwe. Ena amagwiritsa ntchito super glue, ndipo akauma saononga madzi. Dontho limodzi pamizu ndi lokwanira, osapaka pomwe pakuphukira tsamba latsopano. Mukafuna kuchulukitsa Anubias, dulani tsindelo ndi lumo lakuthwa, chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba atatu kapena anayi.

Ubwino wa chomera chomangirira pamwala ndi wakuti chimasamuka. Tsiku lokolopa mumangonyamula mwala ndi chomera chake, n'kukoka nyansi za kunsi, n'kubwezera. Chomera chodzala m'timiyala mukachizula chimayamba moyo pachiyambi.

Miyala ndi zipika zake musangotola. Mwala utsukeni ndi burashi ndi madzi otentha, popanda sopo ngakhale pang'ono. Donthezani viniga pamwalapo. Ukachita thovu ndiye kuti muli laimu, yemwe amasintha madzi. Nsomba za m'nyanja yathu sizidandaula nazo, koma zina zochokera m'mitsinje ya ku South America sizikondwa. Pewani miyala ya dzimbiri kapena yonyezimira ngati chitsulo. Chipika chikhale cha mtengo wolimba wouma kale, chosendedwa makungwa, ndipo chiviikidwe m'ndowa milungu ingapo mukusintha madzi mpaka chimire chokha. Paini ndi bulugamu ayi, chifukwa cha utomoni ndi mafuta ake. Poika miyala pagalasi lopanda kanthu muzichita kuikhazika, osaiponya, ndipo yaikulu muiyalire kachidutswa ka pulasitiki kunsi. Galasi lapansi limanyezimira ndipo nsomba zina zimachita nalo mantha, choncho yalani pepala lakuda kunsi kwa thanki, kapena pakani utoto wakuda kunja kwa galasilo musanathire madzi.

Gulu lachiwiri ndi la zomera zomwe sizimangirira n'komwe. Mfumu yake ndi hornwort, yomwe akatswiri amaitcha Ceratophyllum demersum. Iyi ilibe mizu chibadwire. Imangoyandama pakati pa madzi, timasamba take tonga singano titazungulira tsinde ngati mchira wa gologolo. Imapezeka pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo imameranso m'malo osaya, odekha a nyanja ya Malawi. Imakula msanga, motero imayamwa amoniya wambiri kuposa Anubias ndi Java fern. M'thanki yatsopano ndiyo imagwira ntchito yaikulu pomwe zinzake zikuzolowera. Ikangofika kumene nthawi zina imayoyola timasamba, koma mukakoka zoyoyokazo imaphukanso. Mukaikwirira m'munsi, gawo lokwiriridwalo limaola.

Zoyandama pamwamba penipeni, monga duckweed ndi water lettuce, zimalendeweza mizu m'madzi ndipo zimadya kwambiri chifukwa masamba ake ali pamphepo. Vuto lake ndi kuswana. Mukazilekerera zimatseka pamwamba ponse, kuwala osafika pansi, mpweya osalowa bwino m'madzi. Muziziwola sabata iliyonse kuti zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a pamwamba pa thanki.

Gulu lachitatu ndilo lingasangalatse amene ali kutali ndi sitolo yogulitsa zomera za m'madzi, chifukwa lili kuseri kwa nyumba. Ndikunena kholowa. Dulani nthambi ya mbatata yaitali masentimita 30, kuchokera m'munda womwe sunapoperedwe mankhwala. Thotholani masamba a m'munsi, lowetsani mbali imeneyo m'madzi chakumbuyo kwa thanki, masamba a kumtunda akhale kunja. Pakatha sabata mudzaona mizu yoyera ikutuluka, ndipo pakatha mwezi imakhala itawirira, tiana ta nsomba tikusewera m'menemo. Mizu imeneyi imayamwa naitireti usana ndi usiku. Mbatata yeniyeniyo musaimize m'madzi, imaola. Maluwa oyanga aja ambiri amawatcha money plant amachitanso chimodzimodzi: mizu m'madzi, masamba kunja. Koma masamba ake amayabwa mkamwa, choncho akhale patali ndi ana aang'ono ndi amphaka. Lamulo la zomera zonse zapamtunda ndi limodzi: tsamba likamira limaola n'kuipitsa madzi.

Nanga ngati mtima uli pa zomera zomwe zimafunadi pansi, monga Vallisneria ya Warington ija, ya masamba aatali ngati maliboni, yomwe imameranso m'magombe ena a nyanja yathu? Idzaleni m'kamphika. Tengani kambiya kadothi kosapaka utoto, thiranimo mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, dzalani mosakwirira pomwe masamba akuyambira, kenaka sanjani timiyala pamwamba kuti nsomba zisafukule. Kamphikako mukakhazika pagalasi, ndipo kamasamuka ngati mwala uja.

Njira yopanda timiyalayi ili ndi phindu lapadera kwa ife chifukwa cha mbuna. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700 ya m'banja lomwe akatswiri amalitcha cichlid, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. Mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala, timasungidwa m'mathanki ku Germany, Japan, America ndi maiko ena ambiri, ndipo osunga onsewo amadziwa khalidwe lake. Mbuna ndi akatswiri pokumba. Zimanyamula mchenga ndi pakamwa n'kukaulavula kwina, ndipo chomera chodzala pansi madzulo, mmawa mumachipeza chikuyandama. Chakudya chawo chachikulu kunyanja ndi ndere za pamiyala, choncho masamba ofewa amawayesa ndiwo. Anubias ndi Java fern zimapulumuka pa zifukwa ziwiri: zamangiriridwa pamwala pomwe palibe chofukula, ndipo masamba ake ndi olimba, osakoma kwa nsomba. Zimapiriranso madzi onga a m'nyanja yathu, omwe pa muyeso wa pH amakhala pafupifupi pakati pa 7.7 ndi 8.6. Dziwaninso kuti m'madzi otere amoniya amaluma kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika, choncho thanki ya mbuna imafuna ukhondo woposa. Mbuna ndi zandewu ndipo zimafuna malo, thanki ya malita pafupifupi 200 yokhala ndi miyala yambiri yobisalamo. Thanki ya malita 54 ija ndi ya tinsomba tating'ono tofatsa monga guppy.

Tisanamizane kuti galasi lopanda kanthu limayenera nsomba iliyonse. Pali nsomba zomwe moyo wake uli pamchenga. Chisawasawa chimadya posefa mchenga ndi pakamwa. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga nthawi yoswana. Tinsomba ta Corydoras ta ku South America timafufuza chakudya pansi ndi tindevu take. Nsomba zoterezi kuzisunga pagalasi ndi kuzilanda chikhalidwe chake. Ziyalireni mchenga wosalala wokwana sentimita imodzi kapena awiri. Zomera zanu zikhalebe pamiyala, mchengawo ndi wa nsomba.

Kuwala ndiko kumasokoneza anthu ambiri. Zomera zimafuna kuwala maola 6 mpaka 8 patsiku, ndipo nyale ya LED yoyera imakwanira pa zomwe tatchulazi. Musaike thanki pawindo pomwe dzuwa limawomba mwachindunji. Madzi amatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo ndere zimabuka mpaka madzi kukhala obiriwira ngati thobwa la masamba. Ndere zikayamba kumera pa masamba a Anubias, ndiye kuti kuwala kwachuluka kapena mukudyetsa nsomba mopyola. Chepetsani maola, sunthirani chomeracho pamthunzi wa hornwort, pukutani masamba ndi chala. Nsomba muzizipatsa chakudya chomwe zingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri patsiku. Masamba atsopano akamatuluka otuwa, pali feteleza wamadzi wopangidwira mathanki a nsomba, ndipo theka la muyeso wolembedwa pabotolo nthawi zambiri limakwana. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kumadera ozizira monga Dedza, Mzuzu ndi Lilongwe, madzi amatsika kwambiri usiku, pomwe nsomba za kunyanja zimafuna madigiri 24 mpaka 27. Pamenepo pafunika hita ya m'thanki.

Ena amaganiza kuti akadzaza zomera ndiye kuti magetsi akazima nsomba zili pabwino. Izi n'zoona theka. Chomera chimatulutsa okosijeni pokhapokha kukuwala. Mumdima nacho chimapuma okosijeni yemweyo, kulimbirana ndi nsomba. Magetsi akazima usiku, pampu yaima, nyale yazima, thanki yodzaza nsomba ndi zomera imatha kukhala pamavuto mbandakucha. Chizindikiro chake ndi nsomba kusonkhana pamwamba zikuyasamula. Mukaona zimenezo tungani madzi a m'thanki ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kangapo, kuti pamwamba pavunduke. Musadyetse nsomba magetsi asanayake. Kapampu koyendera mabatire ndi chuma kwa wosunga nsomba aliyense kuno kwathu. Koma chitetezo chachikulu ndi kusunga nsomba zochepa. Thanki ya nsomba zisanu imadutsa usiku womwe thanki ya nsomba makumi awiri singadutse.

Zomera sizichotsa ntchito yosintha madzi. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi, mukukoka nyansi za pansi ndi kapaipi. Madzi apampopi ali ndi klorini, choncho atungeni dzulo lake agone m'ndowa yosavundikira, kapena thiranimo mankhwala ochotsa klorini omwe amagulitsa pamodzi ndi zakudya za nsomba. Ndowayo ikhale yake yokha, yosalowamo sopo. Madzi akale musataye pabwalo. Muli naitireti, kathirireni mpiru ndi tomato.

Choposa zonse ndi kudikira. Mabakiteriya aja amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira. Munthu amagula thanki Loweruka mmawa, masana wathiramo nsomba khumi, Lachinayi akukumba dzenje kuseri kwa nyumba, ana akulira. Yambani ndi madzi, sefa, miyala ndi zomera. Muziponyamo kachakudya ka nsomba kochepa masiku angapo kuti mabakiteriya apeze poyambira. Ngati muli ndi mnzanu wa thanki yakale yopanda matenda, mupempheni akufinyireni siponji yake m'thanki yanu, zimafulumira. Pakatha mwezi ikani nsomba ziwiri kapena zitatu, n'kumaonjeza pang'onopang'ono. Masamba ena akale a zomera zogula adzafota m'milungu yoyamba chifukwa kumene zinachokera zambiri zimalimidwa masamba ali kunja kwa madzi. Aduleni, koma chomeracho musataye. Pofinyani tsinde: ngati lili lolimba, chili moyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tatchula nkhono, ndiye tinenepo za zomera zotola kudambo kapena kunyanja. Hornwort yaulere imakopa, koma m'malo osaya, odekha, a zomera zowirira ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo amene walowa m'madzimo kukazula ndiye woyamba kukhala pachiopsezo. Zomera zotere zimabweranso ndi misundu, mazira a nkhono ndi tizilombo todya tiana ta nsomba. Chomera chilichonse chachilendo, chogula kapena chopatsidwa, chiyambe chakhala m'ndowa yakeyake milungu iwiri kapena itatu pamalo owala, mukusintha madzi ndi kuchotsa nkhono iliyonse yomwe yaoneka. Kumbukiraninso kuti dera la Cape Maclear ndi zilumba zake lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Si malo otolako mbuna, miyala kapena zomera zokakongoletsera pabalaza.

Chenjezo lomaliza ndi la zomwe zimatuluka m'thanki. Zomera zosafuna dothi zili ndi mphamvu imodzi yoopsa: paliponse pomwe pali madzi zimakhala. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa maluwa ake. Zinthu zikamuyendera amachulukana kawiri m'milungu iwiri yokha. Lero ali mumtsinje wa Shire, ndipo pamodzi ndi zomera zina zoyandama amatseka njira za mabwato, amaphimba malo ophera nsomba, ndipo amavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, moti pa Liwonde pamakhala ntchito yosatha yowola zomerazi zisanatsike kumunsi. Anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe anaona zofanana pa nyanja ya Kariba, pomwe chomera choyandama cha Salvinia, chochokera ku Brazil, chinaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo cha m'ma 1962, patangopita zaka zochepa damu litamangidwa. Namasupuni ndi Salvinia zisalowe m'thanki yanu ngakhale wina akupatseni ulere.

Ndipo chilichonse chomwe mwawola m'thanki, kaya ndi hornwort, duckweed kapena water lettuce, chisapite m'ngalande, m'chimbudzi chamadzi, kudambo kapena kumtsinje. Chiyanikeni padzuwa pa lata mpaka chiume gwaa, kenaka chiponyeni pa manyowa. Nsomba zachilendo monga guppy ndi goldfish nazonso sazitaya mumtsinje munthu akatopa nazo. Mpatseni mnzanu wa thanki. Ngalande ya ku Ndirande kapena ku Kawale imathera mumtsinje, ndipo madzi a mtsinjewo amakafika ku Shire kapena kunyanja.

Amene akufuna kuyesa sabata ino asayambe ndi zambiri. Mwala umodzi wotsuka bwino, Anubias kapena Java fern imodzi, ulusi wakuda ndi nthambi ya kholowa ndi zokwanira. Maluwa apulasitiki aja musawachotse onse tsiku limodzi, chifukwa nawonso pakhala mabakiteriya ndipo nsomba zinazolowera kubisalamo. Ngati m'thanki muli kale timiyala ndipo mukufuna kutichotsa, chotsani pang'onopang'ono, gawo limodzi sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu, sefa ikuyenda. Ndipo dzanja likayamba kuyabwa kufuna kukwirira tsinde lija, tulukani panja mukapalire dimba.